Chiponde chopanda shuga n'chabwino, koma tisaiwale chuku ndi muyezo

Matenda a shuga alowa m'mabanja ambiri, ndipo abweretsa mafunso atsopano kukhitchini. Kafukufuku wa STEPS yemwe unduna wa zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse azaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matendawa, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto lothamanga magazi. Funso lomwe limabwera kawirikawiri kukiliniki ya shuga ndi lakuti: kodi munthu akaletsedwa shuga ndiye kuti watsanzikana ndi kalikonse kokoma pakamwa?

Ena apeza yankho pa intaneti. Kumeneko kwadzaza maphikidwe ochokera ku America a timabisiketi ndi timaswiti ta chiponde, topanda shuga komanso tokhala ndi sitachi wochepa, tomwe eni ake amatitcha ta keto. Maganizo athu ndi akuti nzeruyi njabwino ndipo ikutiyenera, chifukwa mtedza ndi wathu womwe, wa Chalimbana ndi CG7 wochokera ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe. Koma amene adalemba maphikidwewo sankaganiza za mtedza wa pamsika wathu, mankhwala omwe odwala athu amamwa, kapena ana athu. Zitatuzi n'zimene zingavulaze munthu.

Tiyambe ndi zomwe zili mu mtedza. M'magalamu 100 muli mafuta pafupifupi magalamu 49, zomanga thupi magalamu 26 ndi zokhutitsa magalamu 16 okha, ndipo theka la magalamu 16 amenewo ndi timitsitsi tomwe thupi siligaya. Ufa wa chimanga wolemera chimodzimodzi uli ndi sitachi woposa magalamu 70, ndipo sitachiyo akafika m'matumbo amasanduka shuga. N'chifukwa chake munthu amatha kusiya shuga mu tiyi koma mlingo wa shuga m'magazi osatsika: mandasi, zitumbuwa, chigumu, buledi ndi zipande zitatu za nsima zikugwira ntchito yomwe ija. Mtedza sukweza shuga m'magazi mothamanga, ndipo mafuta ake amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, kotero munthu sachedwa kukhuta ndipo amachedwa kumva njala.

Chiponde chenicheni ndi mtedza wokha. Mumakazinga mtedza m'chiwaya pamoto wochepa, kuufikisa kuti makoko ofiira achoke, kupeta, n'kusinja mumtondo mpaka mafuta atuluke. Agogo athu ankatero popanda kuthira kanthu kupatula kamchere, ndipo amene ali ndi BP angathe kusiya ngakhale mcherewo. Cha m'sitolo chimafuna kuwerenga. Pabotolo amalemba zomwe athiramo motsatana, kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye mukaona mawu akuti sugar, glucose syrup kapena honey ali pamalo achiwiri, dziwani kuti chimenecho sichomwe mukufuna. Mafuta akayandama pamwamba pa chiponde chosinja nokha si kuti chawonongeka; ingotakasani ndi supuni youma.

Zophika zake sizifuna ufa wa almond kapena zinthu zina zodula zomwe zimatchulidwa m'maphikidwe akunja. Tengani kapu imodzi ya chiponde, dzira limodzi ndi kasoda pang'ono, sakanizani mpaka zigwirane, umbani timipira 12, tiphwathamitseni ndi foloko, n'kuphika kwa mphindi 10 kapena 12 mu uvuni, kapena mumpoto pambaula ndi makala pachivindikiro monga muchitira chigumu. Timapsa msanga, ndipo timaphwanyika mukatigwira tisanazizire. Tinene zoona, timabisiketi timeneti sititsekemera. Amene sangapirire afinyiremo theka la nthochi yakupsa. Nthochi ili ndi shuga wake, koma theka logawidwa pa timabisiketi 12 ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi kapu ya shuga yomwe imalowa m'mabisiketi wamba.

Kopanda moto kuliponso. Peyala lakupsa lofinya bwino, supuni imodzi ya chiponde ndi supuni yaing'ono ya ufa wa koko wosathira shuga zimapanga kaphala kosalala kokwanira anthu awiri, koma kamafuna kudyedwa tsiku lomwelo. Chambiko chosathira shuga chimagwirizana ndi chiponde ndi kaufa ka malambe pang'ono. Komanso mungathe kuumba timipira ta chiponde n'kutigubuduza m'chitowe chokazinga kapena m'nthanga za maungu zosinja. Lilime limazolowera: amene asiya shuga mu tiyi kwa masabata angapo amayamba kumva kutsekemera kwa mtedza weniweniwo, komwe kale sankakumva.

Pa nkhani ya zolowa m'malo mwa shuga tiyenera kumvana. Uchi ndi shuga. Shuga wabulauni ndi shuga. Madzi a nzimbe ndi madzi ofinya a zipatso ndi shuga. WHO imawerengera zonsezi pamodzi, ndipo m'malangizo ake a 2015 idati munthu wamkulu asapyole pafupifupi magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo ndi bwino kwambiri kutsika mpaka masupuni 6. Botolo limodzi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limatha kukhala ndi masupuni 8. Timibulu totsekemera monga saccharin, sucralose ndi stevia sitikweza shuga m'magazi, ndipo wodwala shuga angathe kutigwiritsa ntchito pang'ono. Komabe mu 2023 WHO idalangiza kuti anthu omwe alibe matendawa asamadalire timibuluti pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa sititsitsa thupi kwa nthawi yaitali. Tina, monga xylitol ndi sorbitol, timatsegula m'mimba tikachuluka. Ena amati shuga wathu ndi wofunika chifukwa amathiramo vitamini A. N'zoona kuti amathiramo, koma vitamini yemweyo ali mu mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya, maungu ndi nkhwani.

Mawu akuti "chopanda shuga" anyenga ambiri kuganiza kuti angadye mmene angafunire. Masupuni akuluakulu awiri a chiponde ali ndi makalori pafupifupi 190. Munthu wothetsa theka la botolo akumvera wailesi wadya mphamvu yoposa ya chakudya chathunthu chamasana, ndipo kunenepa ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimalepheretsa insulini kugwira ntchito m'thupi. Timabisiketi tiwiri n'tokwanira, ndipo tilowe m'malo mwa ndasi, osati kuwonjezera pa ndasi.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe simungaipeze m'maphikidwe a ku America chifukwa kumeneko mtedza umayezedwa usanafike m'sitolo. Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimamera pa mtedza ndi chimanga, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Asayansi adamuzindikira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 adamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo chiopsezo chimakula kwambiri kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka Hepatitis B. Ofufuza apezanso kuti ana omwe ali ndi poizoniyu wambiri m'magazi amakonda kukhala opinimbira. Alibe fungo lodalirika, saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.

Zizolowezi zathu zina zimamuitana. Kuwaza madzi pa mtedza wa makoko kuti usavute kuswa ndi chimodzi mwa izo. Ogulitsa ena amanyowetsanso mtedza kuti ulemere pasikelo. Kuyanika padothi, kuthira m'thumba usanaume, ndi kusanjika matumba pansi m'chipinda chodontha zimachita chimodzimodzi. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti m'makomo ambiri mtedza wabwino umapita kumsika, ndipo wonyala, wosweka ndi wofumbwa ndi umene umatsala kuti usinjidwe nsinjiro za phala la mwana. Poizoni wambiri amakhala mu mtedza womwewo. Ukangosinjidwa, palibenso angasiyanitse wabwino ndi woipa, ndiye nsinjiro kapena chiponde cha m'pepala chomwe simukudziwa gwero lake ndi chinthu chogula mwamwayi.

Ngati tikulimbikitsa wodwala shuga kuti azidya chiponde tsiku ndi tsiku, tili ndi udindo womuuzanso izi, apo ayi tikhala tikuteteza maso ndi impso zake kwinaku tikuwononga chiwindi. Gulani mtedza wa makoko kapena wathunthu, wouma woti ukulira mukaugwedeza. Uswani wouma. Khalani ndi lichero n'kuchotsa njere iliyonse yonyala, yakuda, yosweka, yoboola kapena yowawa. Zochotsazo musapatse ana kapena ng'ombe yamkaka, chifukwa poizoniyu amadutsira mumkaka. Kusankha sikuchotsa poizoni yense, koma kumamuchepetsa kwambiri, ndipo sikufuna ndalama. Wogula cha m'botolo ayang'ane chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Kwa odwala omwe ali pa mankhwala pali chenjezo lapadera. Glibenclamide ndi jakisoni wa insulini zimatsitsa shuga m'magazi kaya munthu wadya kaya sadadye. Wodwala akangomva za keto n'kusiyiratu nsima, mpunga ndi mbatata koma mankhwala akumwa mlingo womwe uja, shuga amatha kutsika pansi pa 3.9 mmol/L. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa, kuyankhula zosamveka, ndipo atha kukomoka. Pamenepo bisiketi ya chiponde siingamuthandize, chifukwa chomwe chimaikometsa, kuchedwa kukweza shuga, ndi chomwe chimailepheretsa. Pafunika masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga weniweni m'madzi, n'kubwereza pakatha mphindi 15 ngati sakusintha. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Ndiye paketi ya shuga isachoke m'nyumba ya wodwala shuga, ndipo wofuna kuchepetsa kwambiri zokhutitsa akambirane kaye ndi achipatala kuti aonenso mlingo wa mankhwala. Amayi oyembekezera ndi odwala impso asayambe okha kadyedwe kameneka.

Ana ndi nkhani ina. Kuwachepetsera maswiti ndi zakumwa zashuga n'koyenera, ndipo mwana wosafika zaka ziwiri safunika shuga wothira ngakhale pang'ono. Koma mwana amafunika phala, nsima ndi mbatata zake, pamodzi ndi magulu onse 6 a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa. Kadyedwe kochepetsa sitachi sikoyenera mwana amene akukula. Chiponde chimuthandize powonjezera mphamvu m'phala kuyambira miyezi 6, chosungunula bwino, chifukwa nthongo yolimba ya chiponde imatha kumutsamwitsa, monganso mtedza wathunthu kwa mwana wosafika zaka 5. Uchi asapatsidwe asanakwanitse chaka. Mukaona zidzolo, kutupa milomo, kusanza kapena kubanika atangodya mtedza, lekani kumupatsa ndipo pitani kuchipatala msanga.

Mavolontiya atithandizenso kumasula chisokonezo cha dzina. Chiponde cha m'timapaketi chomwe chimaperekedwa kuchipatala kwa ana onyentchera ndi mankhwala. Chidapangidwa koyamba ku France m'zaka za m'ma 1990, ndipo dziko lino ndi limodzi mwa malo omwe chidayesedwa pochiza ana kunyumba. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500, ndipo muli shuga wambiri, mkaka waufa ndi mafuta, mwadala, kuti mwana wowonda abwerere msanga. Bambo wodwala shuga akachipaka pabuledi akudzivulaza yekha komanso akulanda mwana chithandizo chake. Chogulitsidwa pamsika chachoka m'kamwa mwa mwana wina.

Matupi amasiyana, ndipo chomwe chayenerera mnansi wanu sichingakhale chimodzimodzi kwa inu. Amene ali ndi kamakina koyezera shuga, kapena amakhala pafupi ndi chipatala chomwe chimayeza, ayeze asanadye, adye timabisiketi take tiwiri pamodzi ndi chakudya chake cha masiku onse, n'kuyezanso pakatha maola awiri. Kwa odwala ambiri mlingo wachiwiriwu uyenera kukhala pansi pa 10 mmol/L, omwe ndi 180 pa makina owerenga mu mg/dL. Alembe manambala onse awiri ndi zomwe adadya m'buku lake la kuchipatala, n'kubwera nalo pa tsiku la kiliniki.