Mbava yobisala m'pulogalamu yaulere

Pa doko la Kachulu masiku ano matemba amagulitsidwa foni ili m'manja. Wogula wochokera ku Limbe kapena mumzinda wa Zomba amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala naye ndalama zake zimagona m'foni. Foni yasanduka chikwama, komabe ambirife timalola kuti muzilowa chilichonse bola chikhale chaulere.

Bandulo ndi yodula, ndiye timakonda kungopatsirana mapulogalamu pa Xender kapena kukaikitsa pa shopu yotchajira mafoni. Anyamata a m'mashopumu ambiri alibe chinyengo. Vuto lili komwe fayiloyo, yomwe dzina lake limathera ndi .apk, idachokera. Pa intaneti pali masamba opangidwa mofanana ndendende ndi a eni pulogalamu: chizindikiro chomwecho, mtundu womwewo. Kusiyana kumakhala pa adiresi ya pamwamba, pomwe amawonjezera chilembo chimodzi kapena mawu ngati "free" ndi "mod". Adiresi yeniyeni ya Play Store ndi play.google.com. Kaloko komwe kamawoneka pambali pa adiresi kasatinamize, nawo akuba amakhala nako. Tsamba lokhala ndi mabatani atatu kapena anayi olembedwa Download, kapena lokuwa kuti foni yanu yagwidwa ndi vayirasi, litsekeni osadina kanthu.

Chomwe pulogalamu yabodza imafuna kwenikweni ndi chilolezo. Ikangolowa imapempha kuwerenga mauthenga a SMS, kuwona manambala a anzanu, pena kuyang'ana zonse zochitika pa sikirini. Ife chifukwa cha changu timangodina Allow. Tikatero imatha kuwerenga manambala achinsinsi omwe banki kapena WhatsApp imatitumizira, kuwona zomwe tikulemba, ngakhale kutilembetsa ku zinthu zodya mayunitsi mwakachetechete. Tizidzifunsa: pulogalamu ya tochi, ya Baibulo kapena ya phunziro la Sukulu ya Sabata ikufuna chiyani m'mauthenga athu? Dzina lopatulika pa chikuto silitsimikizira kuti m'katimo ndi moyera.

Achinyamata athu amakonda GB WhatsApp poti imawonetsa mauthenga ofufutidwa. Imeneyi si ya kampani ya WhatsApp, pa Play Store palibe, ndipo eni WhatsApp amatseka maakaunti oigwiritsa ntchito. Kwa mayi amene makasitomala ake onse a nsomba ali pa nambala imodziyo, kutsekeredwa pa nyengo ya malonda ndi kuluza kwenikweni.

Foni ya Android imachenjeza tikafuna kuika pulogalamu yochokera kunja kwa Play Store, ndipo chenjezo limenelo tisamalilumphe. Tisiyenso Play Protect ili yoyatsa. N'zowona kuti ngakhale pa Play Store pamadutsa zina zoipa, choncho tiziwona dzina la wopanga ndi zomwe ena alembapo tisanaike.

Ngati foni yayamba kutentha, batire ndi bandulo kutha msanga, kapena zotsatsa malonda kumangotulukira zokha, chotsani pulogalamu yomwe mwaika posachedwa ndipo musinthe PIN tsiku lomwelo. Ndalama zikasowa, imbirani kampani ya foni msanga, kenako kanenani ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kulowa m'foni kapena kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo bungwe la MACRA limalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni. Musafufute mauthenga a ndalamazo, apolisi adzawafuna ngati umboni.