Pa khadi ndiye muwonjezerapo

Timadziwana ife, ngakhale mayina sitidziwana. Timakumana pamzere wa patilu kumapeto kwa mwezi, wina atakolekera basiketi ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira, wina atafumbata kapepala kolembapo misomali ndi matumba a simenti. Ukafika kutsogolo umasolola khadi mwaulemu wako wonse, koma mtsikana wa patilu amakuyang'ana ngati wasolola njoka. "Pa khadi ndiye muwonjezerapo, bwana." Zingati? Amagogoda kakyuleta n'kukutembenuzira kuti udzionere wekha. Ukacheuka, onse a kumbuyo kwako ayang'ana pansi, ena ayamba kale kupapasa m'matumba.

Mnzathu wina, mphunzitsi wa pulayimale amene wakhala akumanga kanyumba kake njerwa imodziimodzi kwa zaka zinayi, anapita kukagula malata pa hadiweya ina mumzinda. Anali atazungulira mashopu asanu kufunsa mitengo, ndipo apa anagwirizana K400,000. Anyamata anayamba kutsitsa malata, mwini galimoto ya matola akudikira panja. Atangotulutsa khadi anauzidwa kuti pakhala 3 peresenti pamwamba. Imeneyo ndi K12,000, ndalama yomwe anasungira wa galimoto uja. "Achimwene, si tagwirizana mtengo?" "Tagwirizana wa kashi, madala. Wa khadi ndi wina." Anasiya malata pakhonde la shopu, n'kuuyamba ulendo wosaka ATM yomwe ili ndi ndalama tsiku la malipiro.

Chimene chimatipweteka n'chakuti zamakhadizi sitinachite kuzipempha. Tinkalandira malipiro mu envulopu, akuti ayi, aliyense atsegule akaunti. Tinatsegula. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, tinalembetsa. Mu 2015 kunabwera National Switch yolumikiza mabanki kuti khadi ya banki ina izigwira pa makina a banki ina, tinaombera m'manja. Mu 2019 Reserve Bank inatulutsa malamulo oti mabizinesi azikhala ndi njira yolandirira ndalama yosagwiritsa ntchito kashi. Chaka chotsatira kunagwa Covid-19, wailesi iliyonse n'kumatiuza kuti ndalama zamapepala zimayenda m'manja ambiri, tizilipira pa foni kapena pa khadi. Zonsezi tinamvera ngati ana a sukulu pa asembule. Lero tafika nayo khadiyo pashopu, tikulipitsidwa chindapusa chifukwa chomvera.

Ndipo si khadi yokha. Mlongo wake wa "muwonjezerapo" ndi "mwaikapo yotapira?" Wagula mpunga wa K15,000 pagolosale, ukuti ndilipire pa foni, mwini wake akukupatsa nambala yake ya iye mwini osati ya bizinesi. Ulipire chaji yotumizira, kenako umuikirenso yoti iye akatapire kwa ejenti. Ndalama ndi yako, unaikhetsera thukuta, inadulidwa kale msonkho isanalowe mu akaunti, koma kuti ichoke m'dzanja lako kufika m'dzanja la munthu amene waima naye maso ndi maso, yalumidwa kawiri panjira.

Koma tisanamizane, ena mwa ife odandaulafe tili ndi magolosale, ndipo madzulo tikatseka timakhala ndi dandaulo lathu. Mayi wina wa golosale kwathu kuno, titamupanikiza tsiku lina, anakoka kope lake la masamu n'kutiwerengera pa kauntala. "Taonani ana anga, tiyerekeze chinthu ndaoda pa K9,500, ndikugulitsa K10,000. Phindu langa ndi K500. Inu mwaswaipa, abanki atengapo awiri pa handiredi iliyonse, imeneyo ndi K200. Ndatsala ndi K300. Kodi shopuyi ndi yanga kapena ya banki?" Tinakhala chete, chifukwa masamuwo ndi oona. Banki simadula pa phindu, imadula pa mtengo wonse. Pa diresi kapena nsapato, pomwe wogulitsa amaika phindu lonenepa, kadulidweko sikamveka. Pa shuga, simenti, mafuta ophikira ndi buledi, pomwe aliyense amadziwa mtengo ndipo phindu ndi lopyapyala ngati khungu la anyezi, kamadya mpaka fupa. A pa filing'i siteshoni nawo ali ndi chonena, poti mtengo wa petulo ndi dizilo amaika ndi a MERA, sangaukweze okha kuti akwirire dzenjelo.

Mayiyo sanathere pomwepo. Ndalama ya kashi, akuti, imalowa mu kabati nthawi yomweyo, mawa m'mamawa wapita nayo kukaoda. Ya pa khadi imayamba yagona kubanki, ndipo ikakhala ya Lachisanu madzulo angaione sabata inayo. Masiku amenewo si masewera m'dziko lomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anali ndi shopu nthawi imeneyo akukumbukira kugulitsa katoni lero, mawa ndalama yomweyo n'kulephera kuoda katoni ina. Kuwonjezera apo pali lendi, mayunitsi a magetsi, mafuta a jenereta magetsiwo akathima kuti nkhuku za mufiriji zisaole, mlonda, chiphaso cha kukhonsolo, malipiro a mtsikana wa patilu uja. Mashopu olembetsa VAT anauzidwanso mu 2014 kuti akhale ndi makina a EFD otulutsa malisiti a MRA. "Ndiye inu mukabwera ndi khadi kudzagula machesi ndi mchere, mukufuna ndiseke?"

Tamva, amayi. Koma nafe timveni.

Kashiyo si yaulere monga mukunenera. Mumaiwerenga usiku uliwonse mpaka zala kuda. Imasowa m'kabati, mumakangana ndi wantchito, mumamudula malipiro. Mumalandira K5,000 yachinyengo mumdima wa magetsi othima, n'kudzaizindikira m'mawa. Mlonda ndi zitsulo za m'mawindo mumalipirira chiyani, kuopa kuti akuba adzaba malisiti a makina? Tsiku lopita nayo kubanki mumakwera takisi chikwama chili pamimba, mtima uli m'mwamba, n'kukataya theka la tsiku pamzere. Zonsezi ndi ndalama, ndipo munazilowetsa kale mu mtengo wa sopo, womwe ife a khadi timalipiranso mosanyinyirika. Simunayambe mwauzapo munthu kuti "pa kashi ndiye muwonjezerapo ya mlonda". Lendi simulipiritsa payokha, magetsi simulipiritsa payokha (ngakhale tisawapatse nzeru, poti alipo kale ena amene chakumwa chozizira amachikweza mtengo kuposa chofunda). Chifukwa chiyani khadi yokha ikhale ndi msonkho wakewake wotulukira patilu, katundu atalowa kale mu jumbo?

Komanso mukudziwa bwino kuti munthu wa khadi amagula mopitirira. Wa kashi akalowa ndi K20,000 amatuluka ikatha. Wa khadi amalowera buledi n'kutuluka ndi soseji, yogati ya ana ndi mafuta odzola a mayi akunyumba. Phindu la zimenezo simutigawirako.

Nanga za chenji tinene? Kwa zaka zambiri mwakhala mukutipatsa maswiti m'malo mwa K50 ndi K20 zathu. Palibe mwa ife amene analoledwa kubwera ndi maswiti omwewo kudzagulira mchere.

Pali zina zimene timangonong'onezana pamzere. Banki ikadula awiri pa handiredi, bwanji shopu ina ikuti atatu, ina asanu, ina ikungotchula K1,000 yathunthu kaya wagula zochuluka bwanji? Yowonjezerayo pa lisiti sioneka. Ndiye pali makina amene amadwala matenda odabwitsa: m'mawa akugwira, masana "netiweki palibe", koma foni ya mwini shopu yomwe ili pambali pake ikulandira mavidiyo a pa WhatsApp bwinobwino. Ena mwa ife timaganiza kuti vuto si chaji ya banki ayi, koma kuti khadi imasiya mapazi. Zolowa mu akaunti zimawerengeka, a msonkho angathe kuzitsata. Kashi ilibe mapazi, ndipo m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja imatha kukasanduka madola kuseri kwa msika popanda wofunsa. Sitikunena onse. Koma amene tikuwanenawo akudzidziwa.

Choopsa kuposa zonse ndi tsiku limene makina aganiza kwa mphindi yathunthu n'kulavula kapepala kakuti zakanika, pomwe foni yako m'thumba yalira kale kuti ndalama yachoka. Wa shopu akuti kwa ine sinafike, katundu satuluka. Ulipirenso kachiwiri ngati uli nayo ina, apo ayi bweza zinthu pa shelefu anthu akukuonerera. Mawa lake ukalembe fomu kubanki, akuuze kuti mudikire masiku angapo ogwira ntchito. Ndalama ya ndiwo za sabata yonse ili m'malere, ndipo palibe amene adzakupepese.

Tikamakangana chonchi pa kauntala, ife ndi mayi wa golosale, amene akudya bwino pankhaniyi sakhalapo n'komwe. Ndalama imene imadulidwa kwa wa shopu imagawidwa patatu: ina kwa banki imene inamupatsa makina, ina kwa banki imene inatipatsa khadi, ina kwa eni njira imene uthengawo wadutsa, monga Visa ndi Mastercard, makampani a ku America. Banki yomweyo imene yalandira gawo kuchokera kwa wa shopu yatidula kale ife ya mwezi ndi mwezi yosungira akaunti, ya khadi, ya uthenga wa pafoni, ya pa ATM. Ikudya kutsogolo ndi kumbuyo. Khoswe wakhala pa mkhate: wa shopu sangamuponye mwala poti ngongole ya mpamba wake ili komweko, ife sitingamuponye mwala poti malipiro athu amadzera komweko. Ndiye mwalawo timagendana tokhatokha.

Abale athu amene ali ku Britain akabwera kutchuthi amatiseka. Kumeneko, akuti, amangogunditsa khadi pogula ngakhale buledi mmodzi, ndipo kuyambira January 2018 ndi mlandu kuti shopu iwonjezere mtengo chifukwa munthu walipira pa khadi yake. Chimene saonjezera pofotokoza n'chakuti zisanafike apo, mu 2015, mayiko a European Union, Britain ali momwemo nthawi imeneyo, anayamba amanga manja mabanki: gawo lopita kwa banki yopereka khadi lisapitirire 0.2 peresenti pa khadi yotapa ndalama zako ndi 0.3 peresenti pa khadi ya ngongole. Anayamba kuchepetsa kumtunda, kenako n'kuletsa kumunsi. Kungomuopseza mayi wa golosale osakhudza amene akumudula, mapeto ake makina adzangolowa m'kabati, netiweki n'kusowa mpaka kalekale.

Kodandaula kulipo, sitikukana. Kuli bungwe la CFTC loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kuli CAMA yoimira ogula, kuli Reserve Bank yomweyo. Ndipo phokoso likakula limamveka: mu 2019 boma litafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni, anthu anakuwa mpaka ganizolo linabwezedwa. Koma ija inali nkhonya imodzi yogwera tonse tsiku limodzi. Izi ndi zotsina, K300 apa, K500 apo, aliyense payekha pa tilu yake. Ndani angakwere minibasi ya K2,000 kukasuma za K300? Timangotsonya, kulipira, n'kukamalizira mkwiyo pa kondakitala.

Chomwe tikupempha si chachikulu. Mtengo wolembedwa pa shelefu ukhale womwewo patilu. Ngati makina akukudyerani, werengerani zonse pamodzi ndi lendi ndi mlonda, muike mtengo umodzi, ife tisankhe tokha kugula kapena kupita kwa oyandikana nanu. Ngati zavutitsitsa, lembani chikwangwani pakhomo ndi zilembo zikuluzikulu, tidziwe tisanadzaze basiketi, ndipo yowonjezerayo ioneke pa lisiti, ikhale yofanana ndi imene banki yakudulani.

Mphunzitsi uja anabwerera kuhadiweya dzuwa litapendeka. ATM yoyamba inalibe ndalama, yachiwiri inali ndi mzere wofika kumsewu, yachitatu inali ya banki ina ndipo inamudula pa kutapa kulikonse, poti K400,000 sinkatuluka ulendo umodzi. Wa galimoto anali atatopa n'kupita. Analowa m'shopu akuyenda motsimphina, n'kuwerama kusolola ndalama m'masokosi onse awiri, mapepala 80 a K5,000, ofunda ndi thukuta. Mnyamata wa pa kauntala anawerenga kawiri akunyambita chala, kenako anasolola limodzi lomatidwa ndi selotepi pakati, n'kulikankhira pambali.

"Ili sitilandira, madala. Mulibe lina? Kapena yotsalayo mungoswaipa."