Kalata ya msonkho isagone m'kabati

Ambiri a ife osamalira okalamba kuno ku Britain timagwira ntchito pawiri: masana kunyumba ya okalamba, usiku ku ejensi. Ngongole ya msonkho imabadwira pamenepo. Mapaundi 12,570 osadulidwa msonkho pachaka nthawi zina amawerengedwa kuntchito zonse ziwiri, ndipo chaka cha msonkho chikatha pa 5 Epulo, kalata ya HMRC yotchedwa P800 imatipeza.

Zimene timachita nayo tikuzidziwa. Timaiponya m'kabati osatsegula, poti kumudzi akudikira fizi ndi feteleza. Komatu ngongole yonyalanyazidwa imatha kuperekedwa kwa makampani otolera ngongole, ndipo manyazi amene tinkawathawa amadzagogoda pakhomo.

Ife tikuti titsegule tsiku lomwelo. Tifananitse ziwerengerozo ndi P60 ya ntchito iliyonse, pakuti zolakwika zimachitika. Ngongole yosafika mapaundi 3,000 kawirikawiri amaidula pang'onopang'ono pamalipiro a chaka chotsatira. Ikaposa, tiimbe foni n'kupempha kulipira mwezi ndi mwezi. Akafuna kufufuza mapepala athu, tiyankhe tsiku loikidwa lisanadutse. Opeza zochepa, bungwe la TaxAid limawalangiza kwaulere.