Kacithunzi ka pa Foni: Mwana Ajambule ndi Ciani?

Makolo ambiri masiku ano akayang'ana nambala ya mwana wao pa WhatsApp kapena dzina lake pa Facebook, sapezapo nkhope imene anabala. Apezapo Naruto, mnyamata wa tsitsi lacikasu wa m'nthano za ku Japan, kapena Barbra Banda wojambulidwa ndi mitundu yowala, mpira uli kuphazi. Kacithunzi kotere, koimira munthu pa intaneti, acinyamata amakacha avatar, liu locokera ku cinenero ca Sanskrit ca ku India, limene tanthauzo lake loyamba ndi "kutsika". Ana ena amangotola tizithunziti kwa anzao, koma alipo amene amatijambula okha cifukwa cokonda munthuyo kapena nthanoyo. Awa ndiwo tifuna kukambapo mwezi uno, pakuti posacedwa adzafika kwa inu makolo kudzapempha ndalama.

Dzina limene adzachula ndi Photoshop. Pulogalamu imeneyi, yopangidwa ndi abale awiri, Thomas ndi John Knoll, inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1990. Kale munthu anali kugula kamodzi, n'kukhala nayo monga khasu lake. Koma kuyambira 2013 Adobe inaleka kugulitsa motero: munthu alipira mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka, ndipo akaleka kulipira citseko citsekeka. Banja limene liwerengera makwaca a unga ndi a sukulu silingasenze lendi yosatha yotere cifukwa ca kacithunzi kocepa ngati cikhadabo. Ndipo mwana akamva kuti ndalama palibe, sasowa mnzake womupatsa Photoshop "yaulere" yokopa mobisa. Imeneyo ndi yakuba, komanso kawirikawiri imabwera ndi mavairasi amene angathe kuba manambala acinsinsi mu kompyuta ya banja lonse.

Zaulere zenizeni zilipo, ndipo si zacabecabe ai. GIMP inayambidwa mu 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu 2025. Nchito yake yeniyeni ndi kukonza cithunzi cimene cilipo kale: kudula, kucotsa za kumbuyo, kusintha mitundu. Krita ndi ya munthu amene ayamba ndi tsamba loyera nafuna kulemba mzere uliwonse ndi dzanja lake. Amene alibe kompyuta, ndiwonso ambiri, angathe kuika ibisPaint pa foni n'kumajambula ndi cala, malinga apirire zotsatsa malonda zimene zimatulukamo. Palinso Photopea, imene siifuna kuikidwa m'makina koma ifuna intaneti kuti itseguke, ndipo iwerenga mafailo a Photoshop.

Tsono funso loyamba kwa mwana lisakhale lakuti pulogalamu yopambana ndi iti. Mumfunse: "Kodi ufuna kujambula, kapena kukonza cojambulidwa kale?" Wojambula ife tingamlozere ku Krita kapena ibisPaint. GIMP imatopetsa woyamba kumene, pakuti zida zake n'zambiri ndipo sizipezeka msanga. Koma wopirira masabata ocepa sadzaisiya.

Cinthu cimodzi cokha pulogalamu iliyonse isasowe, ndico ma layer. Taganizani mapepala oonekera ngati galasi, osanjikizana: pa lina pali mizere ya nkhope, pa lina mtundu wa khungu, pa lina yunifomu ya timu. Mwana akalakwitsa yunifomu, afufuta pepala lokhalo, nkhope itsala yosakhudzidwa. Amene anayesapo kufufuta inki m'kope la sukulu mpaka kuboola pepala adziwa kukoma kwa cimeneci. Akatsiriza, asunge cithunzi cake monga PNG, pakuti JPEG imataya pang'ono ubwino wake nthawi iliyonse ikasungidwanso, ndipo siilola kumbuyo koonekera. Cithunzico cikhale cofanana m'litali ndi m'lifupi, nkhope pakati, cifukwa WhatsApp ndi Facebook zimacionetsa mozungulira n'kudya ngodya zonse zinai. Ambiri amalemba dzina lao pa ngodya pomwepo, n'kumadabwa kuti lapita kuti.

Nanga mwini wa cithunzi ndani? Naruto ali ndi mwini wake, Masashi Kishimoto pamodzi ndi osindikiza mabuku ake. Eni ambiri amalekerera ana kujambula mwa cikondi cabe, koma kusindikiza pa masikipa n'kumagulitsa pa msika ndi mlandu wina. Cimodzimodzi kutola cojambula ca mnzako, kufufuta dzina lake n'kuikapo lako. Ufulu wa eni umakhalitsa kuposa mmene ana aganizira: Mickey Mouse woyamba uja, wa mu kanema wa Steamboat Willie wa 1928, anamasuka ku United States pa 1 January 2024, patapita zaka 95, ndipo anamasuka ndi maonekedwe ake a caka cimeneco okha.