Batire ya sola isagone chipinda chimodzi ndi ana

Ambirife tikamagula batire ya sola timafunsa mtengo basi. Tizifunsanso chikalata chosonyeza kuti inayesedwa. Pa mabatire a lithium, muyezo umodzi wodziwika ndi IEC 62619. Batire yachinyengo ikatentha kwambiri imatha kuyaka, ndipo moto wake suzima msanga. Ya asidi nayonso imatulutsa mpweya woyaka wa hydrogen ikamatchajidwa, choncho isakhale kuchipinda chogona.

Kumene malamulo amalola kubwezera magetsi otsala ku nthambo za kampani, mita n'kumawerenga olowa ndi otuluka, inverter iyenera kusiya kutumiza magetsi kunja a kampaniwo akathima. Apo ayi, wokonza nthambo papholo, poyesa kuti mulibe moto, angagwidwe ndi magetsi ochokera padenga pathu. Ntchito yolumikizayi tisapatse mnyamata wongodziwa mawaya. Tiitane wamagetsi wa chiphaso cha MERA.