Bondo likamaphwanya, kayezetseni shuga

Agogo akamadzuka pa mkeka atagwira bondo, timati ndi ukalamba. Mayi wa ku Hara kapena ku Wovwe timati kwamupweteka ndi kuwerama powokera mpunga. Zoona, koma si zokhazo. Nyamakazi ya m'mawondo imayenderanso limodzi ndi kunenepa, shuga ndi BP.

Bungwe la MEIRU, lomwe lili ndi likulu la kafukufuku ku Chilumba, linayeza anthu kuno ku Karonga ndi ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Kumidzi yathu kuno, amayi 27 mwa 100 aliwonse anapezeka onenepa kupitirira muyeso. Kunenepa si nkhani ya m'tauni yokha ayi.

Mukamayenda, kilo iliyonse yowonjezera imapsinja bondo pafupifupi kanayi. Komanso mafuta a m'thupi amatulutsa zinthu zotupitsa mfundo, ndipo chichereŵechereŵe cha pakati pa mafupa chimaperepeseka. N'chifukwa chake ngakhale zala, zomwe sizisenza thupi, zimagwidwa nyamakazi.

Chondidetsa nkhawa ndi Brufen ndi diclofenac amene timangogula pa golosale n'kumameza tsiku ndi tsiku. Amaziziritsa ululu, inde, koma amakweza BP ndi kuwononga impso, makamaka za munthu wa shuga.

Chepetsani masupuni a shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera, mpunga wa Kilombero uzichepa m'mbale, ndiwo zamasamba zizichuluka. Musasiye kuyenda, bondo longokhala limalimba. Mukapita kuchipatala ndi bondo, pemphani akuyezeninso shuga ndi BP.