Mfuti ya abwana ikasowa, woyamba kumangidwa ndi gadeniboyi

Abale anga, lero ndale zakumudzi ndiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za mfuti zimene zili m'nyumba za kuno kuJoni, chifukwa ambiri mwa ife tikugona ndi kudzuka nazo pafupi ngakhale si zathu.

Ine ndine nesi, ndipo mausiku ambiri ndimakhala kumene amafikira ovulala. Mabala a chipolopolo ndawaona mpaka kutopa. Mfuti zimenezi sizimera ngati bowa ayi. Yambiri inali ndi mwini wake, ndi mapepala ake omwe, kenako tsiku lina inachoka pansi pa pilo, m'dirowa kapena m'galimoto n'kulowa m'manja mwa tsotsi.

Lamulo la kuno silinabise mawu. Firearms Control Act ya 2000, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004, imati mfuti ikakhala kuti sili m'thupi mwako kapena m'manja mwako, izikhala yokhomeredwa mu safe yovomerezeka, bokosi lachitsulo lija amalimangirira kukhoma kapena pansi ndi mabawuti. Kuisiya poyera ndi mlandu paokha, ibedwe isabedwe. Ikasowa, mwini wake akanene kupolisi asanathe maola 24 chidziwireni. Ndiye mukamva bwana akuti "ndinangoiika pamwamba pa wadirobu", dziwani kuti wolakwa woyamba ndi iyeyo.

Koma kodi zimatero? Msuweni wanga amagwira ntchito ya m'dimba panyumba ina. Chaka chatha pisitolo ya abwana ake inasowa m'chipinda chogona. Safe inalipo, koma kiyi ankamukoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mlungu umenewo m'nyumbamo munalowa opaka penti, okonza mapaipi ndi anzake a mwana wa abwanawo. Amene anagona m'chitolokosi masiku awiri ndi msuweni wangayo, munthu woti m'chipindamo sanapondemo n'kamodzi komwe. Anamutulutsa popanda mlandu, koma ntchito inathera pomwepo. Abwanawo mpaka pano sitinamve kuti anafunsidwapo za msomali uja.

Apa ndi pamene pakundiwawa. Anthu amagula chibokosi chodula n'kumayesa kuti atha. Bokosi ndi chitsulo chabe. Chimene chimasunga mfuti ndi kiyi ndi pakamwa. Kiyi azikhala ndi mwini laisensi yekha, osati m'mbale ya pa tebulo limodzi ndi makiyi a galimoto. Ndipo zomaonetsa alendo mfuti pa braai, mowa uli m'mutu, ndiko kuitana akuba. Wakuba akadziwa kuti nyumba iyi muli mfuti, TV saiyang'ananso. Pisitolo imalowa m'thumba, sivuta kugulitsa, ndipo siwola. Idzakhala ikuphabe anthu mwini wake ataiwala kale.

Kwa inu anzanga amene muli ndi chilolezo chokhazikika kuno ndipo munagula yanu, mawuwa ndi anunso. Ndamvapo ena akuti kukhomera mfuti n'kupusa, wakuba akalowa usiku uyamba wafuna kiyi? Funsolo ndi lomveka, sindikulinyoza. Koma usana wonse muli kuntchito, nyumba ili yokha kapena muli ana, mfutiyo ikuteteza ndani ili pansi pa matiresi?

Kwa inu ambiri amene mukugwira m'nyumba za anthu, ine ndikuti musamafune n'kudziwa komwe kumene kiyi amakhala. Mukaona mfuti yasiyidwa poyera musaikhudze, itanani madamu aione okha. Ndipo zoti mnzanu akuti "tandisungireko kaphukusi aka mawa ndidzatenga", kanani ngakhale ndi wa kwanu kuMzimba kapena kuMangochi. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi ndi zaka zambiri kundende, ndipo woweruza sadzafunsa kuti munachita chifukwa cha chibale.

Boma nalo lisamaloze chala eni nyumba okha. Mu 2016 khoti linagamula Christiaan Prinsloo, yemwe anali kolonelo wa polisi, zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,400 zimene zinali m'manja mwa apolisi kudikira kuphwanyidwa. Zambiri zinakathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Flats, ndipo zina zinapha ana. Tangoganizani, munthu wapereka mfuti yake kupolisi kuti nyumba yake ikhale pamtendere, mfutiyo n'kutulukira khomo lakuseri. Ameneyo sanathyole safe ya munthu. Kiyi anali naye.

Anzathu a ku UK mudzati kwanuko zimenezi kulibe, popeza pisitolo anaziletsa mu 1997 ana atawomberedwa pasukulu ku Dunblane. Zoona. Koma achimwene anu amene mumawatumizira ya basi kuti abwere kuJoni akufikira m'nyumba zomwezi. Muwaimbire foni muwauze asanayambe ntchito.

Msuweni wanga uja pano akugulitsa tomato pamsewu. Akuti m'nyumba ya munthu sadzagwiramonso.